Mkono Wamanja

Ndinakutenga uli ndi nthenga za ukhanda
pathanthwe la kumtunda kwa mtsinje wa Sagsai.
Mlamu wanga Kuanysh anagwira chingwe pamwamba,
ine n'kutsikira kuchisa ngati ndowa yolowa m'chitsime.
Unandijompha chala ichi.
Mpaka lero kukazizira sichipinda.

Masiku anayi sitinagone, iwe ndi ine.
Ukati uwodzere, ndinkagwedeza mtengo umene unaterapo;
ndikati ndiwodzere, Marzhan ankandigwedeza ineyo.
Tsiku lachisanu unadya nyama m'manja mwanga
osandiyang'ana n'komwe,
ngati munthu amene akungolandira ngongole yake.

Nyengo zozizira zisanu ndi zinayi
unakhala pamkono uwu, kavalo akupuma wefuwefu pachitunda,
chipale chofewa chili mbuu mapiri onse a Altai,
ndevu zanga zitauma gwa ndi mpweya wanga womwe.
Ndikakuvula kachisoti kachikopa kophimba m'maso
khosi lako linkazungulira pang'onopang'ono,
kenaka phee.
Ine ndinkangoona miyala.
Iwe unali utaiona kale nkhandwe,
kadontho kofiira kutsidya kwa chigwa,
ndipo mkono wanga unkangopepuka mwadzidzidzi
ngati wina wandilandira katundu.

Mapapo anali ako, akadali ndi nthunzi.
Chikopa chinali changa.
Zipewa zonse za ana anga n'zikhadabo zako zinasaka,
ndipo chaka chija nkhosa zinafa ndi chisanu chiimirire
zikopa khumi ndi zitatu zinatigulira ufa ku Ölgii,
ndi tiyi, ndi mankhwala a chifuwa cha Marzhan.

Tinkayambananso, ndisabise.
Tsiku lina unaphonya kawiri, n'kukatera pamwala,
n'kundifulatira.
Ndinaitana mpaka mawu kusasa, nyama ili m'manja.
Unabwera dzuwa litapendeka, panthawi yako,
ndipo njira yonse yobwerera sitinayang'anane.

Bambo anga ankati chiwombankhanga n'chobwereka.
Ukachisunga mpaka chikalambire pakhomo
waba mazira a kuphiri,
ndipo mdzukulu wako adzatsikira kuchisa chopanda kanthu.

Ndiye mwezi uno, mitsinje itayamba kusungunuka,
ndinapha nkhosa yonona, osati yodwala,
n'kuisenzetsa kavalo.
Tinayenda tsiku lathunthu kupitirira msipu wa a Tilekbay,
kufika kumene utsi wa hema wathu suoneka.
Ndinadula zingwe za kumiyendo kwako.
Ndinakumanga kansalu koyera paphiko
kuti mlenje wina akadzakuona m'mwamba
adziwe kuti iwe ntchito unagwira kale.
Ndinali ndi mawu amene ndinakonza usiku wonse,
koma amene anatuluka ndi akuti: idya.

Unadya.
Ndinachoka uli chiweramire, magazi ali kumlomo,
ndikukoka kavalo pofewa kuti ziboda zisamveke.
Sindinacheuke.
Ndanama, ndinacheuka kawiri.
Kachiwiriko panali nkhosa yokha.

Tsopano Marzhan akundiseka.
Akuti ndikakwera kavalo mkono wamanja umadzuka wokha,
chigongono chili m'mwamba, chibakera chili ndwii,
kunyamula mphepo.
Akutinso ndikamadula nyama ndimapatulabe tizidutswa
n'kutitsuka m'madzi ozizira,
kenaka n'kuima ngati woiwala chimene walowera m'nyumba.
Galu ndiye wanenepa.

Dzulo mdzukulu wanga Dariga anapeza kachisoti kako
n'kukaveka kamwana ka mbuzi.
Kanadumphadumpha kosaona, ana onse ali gwe ndi phwete.
Ndinamulanda, n'kukabisa m'thumba la chikhotho.
Kakununkhabe nthenga.

Madzulo anabwera kudzakhala pambali panga,
akutokosa pansi ndi kamtengo,
n'kundifunsa ngati kuthanthwe kuja chisa chikadalipo.
Ndinamuuza kuti chingwe chinaola kalekale.
Anakhala chete pang'ono.
Kenaka anati kwa a Kuanysh kuli china chatsopano,
ndipo iye ndi wopepuka kuposa ine.