Mafupa a m'Dzanja

Lolemba m'mawa, chisanu cha Juni chikuluma makutu,
ndatsika takisi pa Bree, ndakwera mtunda wapansi,
chikwama chitalemera ndi mayina a Chilatini.
M'labu muli kafungo ka mankhwala oumitsira matupi,
kamene kamakutsata mpaka pa buledi wa masana.

Dokotala Sithebe sakweza mawu akamaphunzitsa.
Anangotukula dzanja la chigoba cha pulasitiki
ngati akuchipatsa moni,
n'kuti: werengani.
Tinawerenga. Makumi awiri ndi asanu ndi awiri.
Asanu ndi atatu athinana pamfundo ya mkono
ngati nkhomo za bawo m'dzenje limodzi,
ili bwato, ili mwezi wongooneka kumene,
ili kansawawa, ili lili ndi mbedza.

Keabetswe wa ku Soweto amaloweza mong'ung'udza nyimbo.
Ine ndimaloweza podina dzanja langa lomwe,
pamzere wokonzetsa mapepala, m'chikepe, m'takisi,
mpaka woyandikana naye asendera pang'ono.

Loweruka ndinapita ku Randburg kwa amayi,
kachipinda ka kuseri kwa galaja ya abwana.
Zaka khumi ndi zinayi akuchapa, kusita, kukolopa matailosi a eni,
ndipo fizi yanga imavuuka m'ndowa imeneyo.
Anafuna kutsegula botolo la jamu. Linakana.
Anaseka, n'kundipatsira: "Iwe wa sukulu, tayesa."
Akuti usiku zala zitatu zimachita dzanzi,
nyerere zimayenda m'kati mwa chala chamanthu,
amadzuka n'kumakutumula dzanja mumdima
ngati munthu wosasa madzi.

Ndinaligwira, ndinalitembenuza, ndinadziwa.
Pansi pa khungu apa pali kanjira kopanikiza
pomwe mtsempha umadutsa, ndipo wafinyika.
Funso limeneli ndinalikhoza mwezi watha.
Ndinatchula dzina la nthendayo bwinobwino, osaphonya chilembo,
amayi n'kugwedeza mutu, nkhope ili ngwee,
ngati ndawaveka chitenje chatsopano.
"Ndiye mankhwala ake, adokotala?"
Sindine dokotala, amayi, ndili chaka chachiwiri.
"Aaa, nena basi."

Buku limati choyamba dzanja lipume.

Ndinayang'ana mulu wa malaya odikira simbi,
makatani a m'chipinda cha alendo ali m'bafa,
ndipo liwu lija ndinalimeza.
Ndinati ndikafunsa.
Ndinasita ndine tsiku limenelo, n'kupsereza kolala imodzi,
amayi anandilanda simbi akuseka ndi kutukwana pamodzi.

Pobwerera, ndalama zinkayenda m'takisi monga mwa nthawi zonse,
kuchoka kumbuyo, dzanja kupatsira dzanja, mpaka kwa dalaivala.
Dzanja la mlonda, long'aluka ndi chisanu.
La woluka tsitsi, zala zopindika.
La mnyamata wa simenti m'zikhadabo.
Sindinathe kuleka kuwerenga.
Kutali uko milu yachikasu ya dothi la m'migodi
inandikumbutsa a Dzoole, malume awo a amayi,
amene anabwera kuno pa Wenela ndi zala khumi
n'kubwerera ku Dowa ndi zisanu ndi zitatu.
Ankatiseketsa nazo tili ana, ati Joni inawapempha fodya
n'kutenga ndi zala zomwe.
Lero ndikudziwa masamu ake:
zala ziwiri, mafupa asanu ndi limodzi,
ali penapake pansi pa msewu uno
umene ndimadutsa ndikuloweza mayina awo.

Mawa kuli mayeso.
Adzaika dzanja loyera pathebulo, waya atalumikiza mfundo,
kapepala kali pambali: tchulani.
Ndidzatchula onse, bwato, mwezi, nsawawa, mbedza.
Papepala palibe mzere wofunsa kuti dzanjali n'la yani,
linkagwira ntchito yanji, linkadzuka nthawi yanji.

Usiku uno foni yalira kawiri.
Amayi: "Wafunsa?"
Chala changa chamanthu chaima pamwamba pa zilembo,
mafupa ake awiri ali bwinobwino,
osatupa, osachita dzanzi,
koma chikukanika kulemba.