Dzanja Limayambira Paphewa

Mwana wanga Tsogtoo anakulira pansanja yachisanu ndi chinayi
mumzinda wa Ulaanbaatar,
kumene chisanu chimaluma mphuno miyezi isanu
ndipo utsi wa malasha umaphimba dzuwa masanasana.
Ndinkamuletsa kutuluka. Ndinkati ndikusunga mapapo ake.
Anaphunzira kukhala phee pampando,
chala chimodzi chikusesa galasi la foni,
ine n'kumanyada: mwana wofatsa bwanji uyu.

Tsiku loyamba kusukulu ya mkaka
pensulo inamuterera ngati sopo.
Anaifumbata ndi chibakera chonse,
nabowola pepala, nalira,
mutu n'kuugoneka patebulo ngati khosi lakana ntchito.

Aphunzitsi, mayi Sarangerel, sanakalipe.
Anatola pensuloyo, naiponya m'thumba la juzi.
"Musathamangire zala," anatero.
"Dzanja limayambira paphewa,
phewa limayambira pamsana,
ndipo msana uwu sunagwepo pansi n'kudzuka wokha."

Zinandiwawa.
Ndinamubweretsa kuti adziwe zilembo,
osati azikwawa kunsi kwa mabenchi ngati kamwana ka mbuzi.

Koma m'mawa uliwonse matebulo ankakankhidwira kukhoma.
Ana ankagubuduzika pachofunda cha ubweya,
kuyenda pachingwe choyalidwa pansi, manja ali tambasu,
kudumpha ndi mwendo umodzi mpaka phwete kuwagwetsa.
Akatopa, mayi aja ankakhuthula kathumba
ka timafupa ta m'miyendo ya nkhosa:
ponya, wakha,
kankha aka ndi nsonga ya chala kagunde kanzake.

Tsogtoo anabwera ndi bondo lonyuka,
bala loyamba m'moyo wake.
Analionetsa kwa aliyense m'basi.

Chisanu chisanathe, usiku wina,
ndinamupeza pazenera lochita nthunzi,
ataimira zala za kumapazi,
akukoka ndi mkono wonse, kuchokera paphewa,
chilembo choyamba cha dzina lake,
chachikulu ngati chitseko,
nachimaliza ndi kamchira kake kapansi kaja,
lilime lili panja.
Madzi anayenderera kuchokera m'mizereyo.
Sindinapukute.

Kutacha sitinakwere chikepe.
Tinatsika masitepe, iye patsogolo,
nsapato zikugunda, akuwerenga mokweza.
Pa makumi atatu anasokoneza,
nathamanga kubwerera pamwamba kukayambiranso.

Ndinaima pamenepo, chikwama m'manja,
ndikumva mapazi ake akukwera.
Kuntchito ndinachedwa.