Nsomba za Bambo, ku Łódź

Bambo anandisiyira kapepala pa chitseko cha firiji,
zilembo zopendekeka ngati mpanda wokalamba:
Halinka, mtima wa ng'ombe uli m'munsimu,
mafuta ndachotsa kale.
Kachidutswa konga chikhadabo, katatu pa tsiku.
Usachulutse. Zotsala zimaoletsa madzi.

Kunja chipale chakwirira njanji za tramu,
koma m'thanki la galasimu muli dziko lina:
madzi ofunda ngati m'kamwa,
masamba ataliatali akuwerama popanda mphepo,
ndi nsomba zisanu ndi ziwiri za disikasi,
zobulungira, zopyapyala ngati mbale zoimika.

Tsiku loyamba zinandikana.
Zinada khungu, mizere ikutuluka m'nthiti,
n'kukabisala kuseri kwa muzu
umene Bambo anauwiritsa kangapo kuti umire.
Nyama inatsika yokha, n'kukagona mu udzu wa pansi.
Madzulo ndinaikoka ndi kapaipi,
ndikutukwana chamumtima.

Kuchipatala sanafunse za ine.
Anangoti, kodi Wanda wadya?

Tsiku lachinayi ndinavala juzi lawo
lonunkha fodya ndi adyo,
n'kuyandikira mokoka phazi monga iwo.
Zinabwera. Osati zonse.
Yaikulu inaiuzira nyamayo pamchenga,
kuijompha, kuilavula, kuitolanso,
ngati mlendo wokayikira wophika.

Wanda yekha sanatuluke pakona pake.
Ankathamangitsa aliyense, iye ndi mwamuna wake,
ine n'kumati wadwala,
ndipo kuchipatala ndinanama kawiri.

Lero m'mawa ndaona chifukwa.
Tiana takuda, tonga tsabola wosinja,
tamamatira m'mbali mwake,
tikudya thupi la mayi wawo,
tikunyambita utomoni wa pakhungu.
Akatopa amadzigwedeza kamodzi,
mtambo wonsewo n'kusamukira kwa bambo,
iye n'kuima chilili, osaphethira,
kulola kudyedwa.

Kapepala kaja sikanena kanthu za izi.

Ndaima, nyama ikusungunuka pa zala,
ndikukumbuka chaka chimene fakitale ya nsalu inatsekedwa,
ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu,
Bambo akundikankhira mbatata yomaliza
n'kumati, ine ndadya kale panjira,
chikhalirecho lamba anali ataboola kabowo kena.

Ndaponya kachidutswa kamodzi, konga chikhadabo.
Ndadikira. Wanda wadya.
Tramu yopita kuchipatala ibwera posachedwa,
ndipo lero sindinama.