Wofufuta Bolodi

Lachinayi lililonse ndine woyamba kufika,
makiyi a holo ya pa Boma m'thumba.
Mipando ndiyala makumi asanu ndi itatu,
wina wothyoka mwendo ndiuchirikiza ndi njerwa.
Pa pepala lomata pakhomo dzina langa palibe.
Pali Dokotala Nankhuni, pali a Chimphepo a masamu.
Ine ndine wa tsache ndi kansanza.

Dokotala anabwera ndi kabotolo,
m'katimo kankhono kosaposa chikhadabo,
nati umu ndimo mubisala likodzo.
Mkulu wina wa ku Lozi anaseka:
ife tinakula tikumva kuti mnyamata akakodza magazi, wakula!
Mayiwo sanaseke.
Anangofunsa, bambo, anyamata muli nawo angati?
Holo inati zii,
njinga ya kabaza ikumveka belu kumsewu.

A Chimphepo anajambula ziro wamkulu ngati lichero,
nati kanthu kopanda kanthu aka
anthu anakakana zaka mazanamazana.
Ine ziro ndimamudziwa kale
m'kope la ngongole kwa Twaibu:
akakhala kutsogolo ndi mlendo waulemu,
akakhala kumbuyo ndi katapira.

Onse akatuluka nditsala ndi bolodi.
Ndisanafufute ndikopera m'kope la Asiyatu,
mwana wanga amene fizi inamutsitsa Fomu 2.
Zilembo zanga n'zokhota ngati mizere ya wolima ataledzera,
koma iye awerenga, akupeta mpunga,
nandibweza ndi mafunso
oti ine ndikawatule kuti?

Kenako kunabwera mtsikana wa mbiri yakale,
Nasiwelo, wamng'ono ngati Asiyatu yemwe.
Masabata awiri anatiwerengera za anthu ogulitsidwa
pamtunda woyenda pansi kuchokera pomwe tinakhala:
wamano athunthu, nsalu zakuti,
wachilonda kuphazi, nsalu zochepa.
Magetsi anathima pakati pa chiganizo.
Anayatsa tochi ya foni napitiriza.
Palibe anadzuka, ngakhale a mandasi pawindo.

Nthawi ya mafunso ndinakweza dzanja
ndili kuseri kwa chitseko, tsache lili m'khwapa.
Wapampando anayesa ndikuti nthawi yatha.
Ndinati ayi, bwana, ndatumidwa.
Mwana wanga akufunsa:
mitengo yawo taimva, nanga mayina awo ali kuti?

Mtsikana uja anayang'ana mapepala ake,
anatembenuza, anatembenuzanso,
nati, sindikudziwa, bambo. Sanalembe.
Zaka zisanu ndi zinayi ndikusesa holo iyi,
aka kanali koyamba kumva wophunzira
akunena mawu amenewo osachita manyazi.
Anatenga choko nalemba funsolo pamwamba,
pansi pake: Asiyatu.

Sabata yamawa kuli za nyenyezi.
A komiti andiuza bolodi likhale loyera.
Ndafufuta konse, ndapukuta ndi madzi,
koma pakona yakumanja pamwamba
ndawauza kuti mkono wanga sufika.