Chidendene cha a Teofil

Ndinkati ndaidziwa mazurka ija ya masamba awiri.
Zala zaukhondo, manotsi onse ali m'khola,
modzi, wiri, tatu,
ngati wotchi ya pa siteshoni ya ku Płock.
Mayi Leokadia anandileka mpaka ndinamaliza,
kenaka anatseka chivundikiro cha piyano
nati, Dobrawa, waimba pepala.
Vala chikhoti, basi itisiya.

Tinatsika kuseri kwa Łowicz, chipale chofewa chikulekeza m'mawondo.
M'nyumba yonunkhira maapozi ndi utsi wa malasha
munali a Teofil, zaka makumi asanu ndi atatu,
ndodo ili pa khomo, nsapato zazitali zili ku mapazi.
Mdzukulu wawo anakoka vayolini, osaichuna n'komwe.

Mkulu uja anadzuka ngati chitseko chadzimbiri.
Modzi anangoudutsa, ngati munthu wa naye ngongole.
Pa wiri anazengereza.
Pa tatu, di! chidendene pa thabwa,
mbale za m'kabati zinavomera.
Ulendo wina di! uja anagwera pa wiri,
ine kuwerenga kunandithawa m'kamwa.
Anazungulira ndi mkazi amene panalibe,
dzanja lili m'chiuno cha mphepo,
anamudikira kuti siketi yake ithe kutembenuka
asanaponde kachiwiri.

Waona? anandinong'oneza Mayi Leokadia.
Nthawi umaiwerenga ija, iye akuibwereka.
Abweza kutsogoloku, sabera munthu.

Pobwerera, basi ikunjenjemera, anandiuza za chipinda china
cha zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo, kutali ku Paris:
makandulo akudontha pa nsalu ya tebulo,
akazi omangidwa m'chiuno mpaka mpweya kuperewera,
amuna a ndevu zopesa, matumba opanda kanthu,
anthu amene dziko lawo mafumu atatu anagawana ngati nyama ya pa maliro
nalifufuta pa mapu.
Piyano yake inali yaing'ono, ya mawu ofewa,
yosadziwa kukalipa ngati chilombo chakuda cha mu holo yathu.
Munalibe malo ovinira m'menemo.
Ankangokhala, tiyi akuzizira m'makapu,
zala za kuphazi zikugwedezeka m'nsapato zothina.
Wina ankamva ukwati wa mlongo wake,
wina ankamva asilikali pa mlatho,
wina ankangoyang'ana khosi la mkazi wa mnzake.
Usaiwale ameneyonso, anatero, nayenso ali m'nyimbomo.

Ndinafunsa: ndiye ndi gule kapena ndi maliro?
Anapukuta zenera ndi golovesi
osandiyankha mpaka tinawoloka Wisła.

Usiku uno ndili ndekha ndi masamba awiri aja.
Dzanja lamanzere ndalipatsa ntchito ya mdzukulu,
kung'ung'udza mawu amodzimodzi pansi, mouma mutu,
ngati chitoliro cha thumba la chikopa pa phwando la kumudzi.
Lamanja ndalimasula chingwe.
Likuchedwa pamene siketi ikutembenuka,
likuthamanga kukabweza ngongole.
Pali kanotsi kena kamene ndinkakayesa kolakwika,
kowawasa ngati kabichi wa mu mtsuko,
ndinkakadutsa mwamanyazi.
Lero ndakaponda. Kanunkha khola, kanunkha thukuta,
kalowa m'chipinda cha makandulo ndi matope ku mapazi
ndipo palibe wakathamangitsa.

Sindinakhale m'nthawi yawo.
Dziko langa lili pa mapu, pasipoti ili m'thumba,
chisoni chawo ndikachivala chindikhwepa m'mapewa.
Chimene ndingathe n'kufewetsa mkono,
kusiya kufuula,
kuimbira anthu khumi ndi awiri okha
ngakhale holo itadzaza.

Mzere womaliza sukutha, ukungozilala,
ngati ngolo yokhota pa ngodya ya nkhalango.
Ndachotsa phazi pa chopondera.
Mnansi wa pansi wagogoda denga lake ndi tsache:
kawiri, kenaka kachetechete,
kenaka kamodzi, mochedwa pang'ono.