Madola Mazana Awiri ndi Makumi Atatu

Ndalowa m'shopu ya Garikai, mumsewu wa Chinhoyi,
ndalama zili m'sokosi,
madola mazana awiri ndi makumi atatu,
miyezi isanu ndi inayi ya buledi wouma masana.

Iye akuloza pakona ndi chibwano.
"Iyo ndi ng'ombe, sisi. Siitopa."
Bokosi lakuda, lamimba,
sikirini yotakata ngati thireyi ya maputi,
zingwe zapiringizana kumbuyo ngati mizu ya mbatata.
Akuti ikadwala amaitsegula pamimba,
kuchotsa chiwalo, kuikamo china,
mawa lake ili pagoli.

Kenaka akusolola kena pansi pa kauntala,
kopyapyala, kong'aluka pangodya,
kogona ngati buku la ngongole.
"Aka ndi kamwana. Kamayenda pamsana."
Ndakanyamula. Kapepuka mondiopsa.

Bambo anga anali telala.
Anachoka ku Ntcheu ndi sizasi yokha m'thumba,
nagula makina opalasa ndi mapazi,
chitsulo chofuna amuna awiri,
nakhala nacho pakhonde ku Mbare zaka makumi atatu.
Ankati cholemera sichibedwa.
Ankanena zoona, palibe anachiba.
Koma tsiku lobwerera kwawo
kondakitala anachiyang'ana kamodzi, napukusa mutu.
Chinatsala kwa Mai Chipunza, kuseri kwa bafa,
lero nkhuku zimaikirapo mazira.

Ndiye ndaima pakati,
bokosi kumanzere, kabuku kumanja.

Ku Mufakose magetsi amachoka tambala asanalire,
n'kubwera usiku tonse titagona,
ngati mwamuna wa mitala.
Ng'ombe ya Garikai idzadya chiyani masana?
Ndidzaidikira mumdima,
mayeso a akaunti ali pakhomo,
malisiti a abwana Mutsvairo adzaza jumbo,
ine n'kumadzuka pakati pa usiku
kukama ng'ombe maso ali psuu.

Koma nakonso kamwanaka.
Ndimadziwa chigulu cha pa Copacabana madzulo,
kombi ikafika anthu amasanduka madzi,
ndipo m'madzimo muli zala.
Ndinataya foni pamenepo, chikwama chili chotseka.
Miyezi isanu ndi inayi ingathe
pakati pa chitseko ndi mpando.

Palinso Tsanzo, mlongo wanga wa Fomu 3.
Bokosi likakhala patebulo ndi la nyumba yonse,
adzaphunzira kutaipa ine ndili kuntchito,
adzaitananso anzake, ndikudziwa.
Kabuku ndi ka mwini,
kamatuluka ndi ine, kamalowa ndi ine.
Kodi kumeneko ndi kumana?
Ndafunsa mumtima, mtima wayang'ana kumbali.

"Batire imakhala maola angati?"
"Anayi."
Ndamuyang'ana.
"Atatu."
Sindinaphethire.
"Awiri ndi theka, ukachepetsa kuwala."
Taseka tonse. Apo ndiye tayamba kulankhulana.

Maola awiri ndi theka.
Ndi mutu umodzi wa buku,
ndi malisiti a sabata ngati sindiwodzera.
Kuntchito soketi ili kuseri kwa firiji,
ndikatchaja mwakachetechete ngati wokatunga madzi pachitsime cha eni.

Mapanga awiri avumbwitsa, ankatero amayi,
ndipo kunja kwayambadi kuda, mitambo yaunjikana cha ku Kopje.
Ndawerama, ndavula nsapato pamaso pa anthu.
Garikai akuwerenga ndalama zofunda,
akuziwerenganso,
wandiwonjezera mbewa yachingwe
ndi chikwama chakale cholembedwa dzina la sukulu ya mkaka.
"Mbala siyang'ana chikwama cha mwana," akutero.

M'kombi ndakhala pakati, kutali ndi zenera,
chikwama pachifuwa, manja onse awiri.
Mayi wa pambali panga akufunsa
ngati mwana ali bwino.
Ndati ali bwino, wagona.

Tsanzo adzakagwira Loweruka ndi Lamulungu,
atasamba m'manja.
Bambo, mukanaona kupepuka kwake
mukanati ndagula mphepo.
Mwina.
Koma tsiku lina basi ya ku Ntcheu ikadzaima,
kondakitala sadzapukusa mutu.