Ukandigulire Yotere

Unandifunsa dzulo uli ku Joni komweko, Mulimba,
kuti laputopu ndikufuna yotani.
Ndinati iliyonse, poopa kukuthera mayunitsi.
Ndagona nalo funso lako.
Iliyonse ayi.

Ikhale yopepuka.
Mtunda wa ku Chitakale ukuudziwa.
Ndimaukwera pa kabaza, chikwama kumsana,
momwemo mabuku a kalabu ya alimi a tiyi.
Ija anandigulitsa abusa inkalemera
ngati thumba la chinangwa cha ku Muloza,
phewa lamanzere likadandiimba mlandu mpaka lero.

Batire, mlongo wanga, batire.
Magetsi kuno amayenda ngati munthu wa ngongole yako:
kufika usiku mozemba,
tambala asanalire wapita.
Ndikaitchaja m'mawa pa golosale ya a Namakhwa
indiperekeze mpaka nditalemba makilo
a munthu womaliza pamzere,
osati kutsinzina tili pakati pa masamba a Nampinga
iwo ataima, dengu pansi, akundiyang'ana ngati ndawabera.

Pasikelo timakhala panja.
Galasi lake lisandionetse nkhope yanga
pamene ndikufuna manambala.
Nkhopeyi ndimaidziwa kale.

Mabatani akhale olimba zilembo.
Kuno mayina onse amayamba chimodzimodzi,
Nakhumwa, Namulu, Nasiyaya,
moti N ndi A zinafufutika chaka choyamba
ndipo ndinkazilemba mongokhulupirira.

Isachedwe kudzuka.
Yakale ndinkaiyatsa, n'kupita kumpopi,
kubwera ndowa pamutu ikadayasamula.
Usiku ndi ya Dorika, ali Folomu 4 tsopano,
amawerengera pamphasa ataiika pamiyendo.
Isamuotche ntchafu ngati mbaula,
isalire ngati chigayo ena tikugona.

Za chipatso cholumidwa zija, zisiye m'sitolo.
Ndazionera kwa azungu okwera phiri ku Likhubula,
n'zokongola, sindikana.
Koma tchaja chikapsa ndikachipeze ku Limbuli,
ndipo Yakobe wa pa Boma adziwe kuitsegula m'mimba
osayamba wapukusa mutu.
Chiperoni chikagwa masiku anayi
zovala zimanunkha nkhungu, machesi amakana,
iyo isakane nawo.

Pali china sindinakuuze.
Yakale ija inafa mu Juni.
Makilo ndinali nawo m'buku, sanandidandaulitse.
Koma munali mayi.
Tsiku la chinkhoswe chako Dorika anawajambula
akusenda kalongonda kuseri kwa nyumba,
akukunena kuti unkaopa mbuzi uli mwana,
n'kuseka mpaka kutsokomola.
Mphindi zinayi zokha.
Yakobe anayesa masiku atatu,
anandibwezera ndalama yanga, maso ali pansi.
Ndinawaika m'manda kachiwiri pa benchi yake,
pakati pa mawaya ndi mafoni osweka.

Ndiye ukafunse wogulitsayo, umuyang'ane m'maso:
kodi iyi imaiwala?
Akati ayi, usamukhulupirire,
uwonjezepo mafulashi awiri.
Imodzi ndizisunga m'Baibulo,
ina kwa azakhali ku Luchenza.

Mtundu usavutike nawo.
Yakuda, yotuwa, zonse n'chimodzimodzi,
fumbi lofiira la kuno lidzaipaka lokha.

Potumiza, ukaikulunge m'bulangete,
umuuze wa basi asaikhalire.
Bulangetelo silibwerera, ndaneneratu.